Kanthu Kako Kopinda ndi Kuwala Kandidanitsa ndi Mudzi

Mandeya, Loweruka masana

Tiyamike mwana wanga,

Kalata iyi ndiisokera m'thumba la mkati la chijasi chija tinagula pa kaunjika ku Hauna. Ndi kutentha kwa kuno ku Honde sungachivale, m'basi sungachivale, ndiye ndikudziwa kuti ukuwerenga utafika kale kutsidya la nyanja, mphepo ya kumeneko itakuluma. Ndachita dala. Ndikanakuuza pamaso zimene ndikulembazi, ukanamasula chikwama, n'kukhala pansi, n'kunena kuti supitanso. Ndimakudziwa, liuma lako ndi la bambo ako. Choncho tiyambe ndi lamulo: ukawerenga ulire ngati ukufuna, koma usagule tikiti yobwerera. Sukulu wapitirayo uimalize.

Ndikulemba iwe utapita ku Ruda kukatsanzika aphunzitsi ako akale, ndipo ndikupemphera kuti mphekesera isakupeze panjira. Chiyambire Lachinayi mtima wanga sunabwerere m'malo mwake.

Dzulo madzulo unandifunsa chifukwa chake kumapemphero ako otsanzikana kunabwera anthu owerengeka chonchija, mipando yobwereka ili yokhayokha, mpunga n'kutsala poto yonse. Ndinakuuza kuti anthu ali kumaliro kutsidya kwa mtsinje. Ndinanama, kulibe maliro. Anthu sanabwere chifukwa akuopa nyumba yathu. Akuti ine ndi iwe tili ndi chikwambo.

Eya, werenganso, sunaone molakwa. Chikwambo! Ukudziwa zimene amanena anthu a kuno, zoti munthu amakagula kanthu kwa sing'anga n'kukabisa m'nyumba, kazikayamwa magazi a anansi kuti mwini wake zimuyendere. Ndipo chikwambo chathucho akuti ndi kanthu kako ka kusukulu kaja, kamene unandipatsa kuti ndizikukumbukira nako.

Ndikukumbutse mmene unandionetsera, kuti uone pamene mayi ako anakhotera. Lachiwiri lija unatseka makatani, n'kutulutsa m'kabokosi kakuda kakhadi koonekera mkati, kukula kwake ngati chitupa. M'katimo munali tinjira topyapyala kuposa ulusi, ndipo pamwamba pa kanjira kamodzi panagona kachidutswa kofewa kachikasu, ngati khungu la pamwamba pa mkaka wowira. Unadonthezera madzi ofiira pakhomo pa kanjirako, madzi wamba osakaniza ndi utoto wa keke, n'kuyatsa katochi ka buluu. Kachidutswako kanapinda msana kokha, popanda dzanja, popanda waya, popanda batire, n'kukankha dontho lija. Utazimitsa kanawongoka. Utayatsanso kanapindanso, dontho n'kusuntha, mpaka linakafika m'kachipinda ka kumapeto. Ine ndinakuwa kuti "Maiwe!" n'kugwetsa kapu, iwe n'kuseka mpaka misozi.

Unandifotokozera bwinobwino, pamenepo sindingakunamizire. Unati kachidutswako n'kopangidwa ndi manja a anthu, kali ndi mankhwala amene amadzikoka kuwala kukawagunda. Unati makina oyezera magazi a m'zipatala zikuluzikulu amafuna mapampu ndi magetsi, koma iwe ndi anzako mukufuna kuti kuwala kokha kuzigwira ntchito ya pampu, kuti namwino wa pakiliniki ya kumudzi abaye chala, atenge dontho limodzi, ayatse tochi, yankho lituluke wodwala ali pomwepo. Unati ntchitoyo ikadali kutali, tizidutswato timatopa msanga, n'chifukwa chake akuitana kunjako kuti mukalimbane nato. Kenaka unandiika kabokosi m'manja n'kuti, "Aka kayamba kutopa, amayi, sungani. Koma kazikhala mumdima, dzuwa limakawononga." Ndinagwedeza mutu ngati ndamva zonse.

Langizo langa loyamba lichokere pa uchitsiru wanga wa sabata ino: chinthu chimene wachimva theka usakachilalikire pagulu, makamaka matama akakukwera. Lachinayi iwe uli ku Mutare kotenga mapepala ako, ine ndinavala yunifolomu kupita ku ruwadzano, msonkhano wathu wa amayi kutchalitchi. Ndili pakhomo, matama anandikoka chitenje. Nanga si zaka zonsezi ndakhala ndikumva za ana a anzanga, uyu wagula kombi yonyamula anthu, uyo watsegula shopu ku Hauna, ine akandifunsa kuti Tiya amaphunzira chiyani ndimangoti "za sayansi" n'kuyang'ana pansi? Ndinabwerera m'nyumba, ndinatenga kabokosi kakuda kaja, ndinakakulunga m'nsalu, n'kukaika m'chikwama pamodzi ndi Baibulo.

Tinakhala panja chifukwa m'tchalitchi malata anali kuwotcha. Titamaliza mapemphero ndinati, "Amayi, sendezani muone zimene mwana wanu amachita." Anandizungulira. Ndinamasula nsalu, ndinatsegula kabokosi, dzuwa lili paliwombo. Tochi ndinali nditaiiwala kunyumba, koma mwana wanga, sikanadikire tochi. Kutangogunda dzuwa kanapinda msana pamaso pa aliyense, madzi ofiira otsalira aja n'kuyamba kukwawa m'kanjira. Mayi wina anawerama kuti aonetsetse, mthunzi wa mutu wake utagwerapo kanawongoka. Iye anadzidzimuka n'kubwerera m'mbuyo, dzuwa n'kugundanso, ndipo kanapindanso ngati kakumusuzumira iyeyo.

Panangoti zii. Apa munthu wanzeru akanatseka bokosi ndi pakamwa pomwe. Ine ayi. Ndinayesa akhala chete chifukwa chogoma, ndiye ndinayamba uphunzitsi. Mai Mufundisi, akazi a abusa athu, anafunsa kuti kamadya chiyani. Ine ndinati, "Sikadya kanthu, kamangokoka magazi. Dontho limodzi lokha la pachala, munthu osamva n'komwe." Wina anafunsa kuti ndimakasunga pati. Ndinati, "Mumdima, m'bokosi lakuda, pansi pa bedi. Sikafuna kuonedwa ndi dzuwa." Winanso anafunsa kuti nanga phindu lake n'chiyani. Ndiye mayi akowa, mano onse panja, anati, "Kameneka ndi kamene kakumukweza Tiya ndege. Sukulu, chakudya, pogona, zonse zaulere chifukwa cha kameneka."

Ndikulemba pano mawu angawo akundimvekera m'makutu. Sing'anga wogulitsa zikwambo sakanafotokoza katundu wake bwino kuposa mmene ndinachitira ine. Kunena kwa ndithendithe nanthambwe anadzitengera. Mayi wina anayamba kupemphera mokuwa, wina anabereka mwana wake n'kuthawa nsapato zili m'manja. Mai Mufundisi anangoti, "Tsekani, Mai Tiya, tsekani." Ndinayesa kuwaitana kuti ndi madzi chabe a utoto wa keke, koma ndani anali kumvanso? Posakhalitsa ndinatsala ndekha pabenchi, kabokosi pamiyendo.

Kumene uliko udzafunsidwa za ntchito yako ndi anthu osaidziwa, ena ophunzira zina, ena osaphunzira ngati ine. Usayambe ndi chodabwitsa kuti akugomere. Yamba ndi chimene chimawapweteka. Ndikanayamba ndi kuwakumbutsa mmene timadikirira mayankho a magazi kukiliniki, mwana akutentha thupi pamsana, kenaka n'kutsegula bokosi, mwina bwenzi dzulo mipando itadzaza. Ine ndinayamba ndi kudzionetsa, ndipo ndakupakira matope iwe amene sunalakwe kanthu. Undikhululukire, Tiya.

Zonsezo ndikanapirira, pakamwa pa anthu pamatopa. Chimene chandilasa mtima ndi Mai Farai. Ukumva? Mai Farai! Munthu amene tinathyola naye tiyi mzere umodzi kuyambira ndili mtsikana wongokwatiwa kumene, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno. Tinkagawana mchere kukomboni. Ndi iye anandigwira mapewa tsiku limene unabadwa. Bambo ako atapuma ntchito kuesiteti, ife opanda mudzi wopitako, ndi iye anatiperekeza kwa sabhuku, mwini kaundula wa mudzi uno, n'kutilankhulira mpaka tinapatsidwa munda uno. Iwe wakula akukuitana kuti "mwanangu," ndipo wadya m'mbale mwake kambirimbiri kuposa mwanga.

Dzulo m'mawa ndinatsikira kumsewu ndi nthochi zanga monga mwa masiku onse. Nditatula beseni pambali pa lake, iye ananyamula lake n'kukaliika kutsidya kwa msewu. Ndinamutsatira. Ndinati, "Asisi, ndalakwanji?" Sanandiyang'ane. Ukudziwa kuti mwezi watha mkazi wa mwana wake Farai anapita padera, anataya magazi ambiri, ndipo ine ndi amene ndinkamuphikira phala ndi kumuchapira. Mai Farai anayankhula motsitsa mawu, m'Chimanyika chake chija, anati, "Nsalu za magazi za mpongozi wanga munachapa ndinu. Madzi ake munakathira kuti?"

Tiya, ndinati, "Kudzala, asisi, kumene timathira tonse. Munalipo." Iye anati, "Amayi anga ankandiuza kuti maBhurandaya mankhwala sawathera m'nyumba. Ine ndinkakuikirani kumbuyo. Taonani tsopano, mdzukulu wanga ali m'dothi, mwana wanu akukwera ndege." MaBhurandaya, dzina lawo lotinyozera ife a makolo ochokera ku Malawi! Ine amene ndinabadwira kukomboni ku Chipinge, kumunsi kwa Mount Selinda, amene Blantyre ndimangomumva dzina. Sindinadziwe kuti mawu amenewa anali nawo m'mimba zaka zonsezi. Nthochi ndinabwerera nazo zonse, palibe anagula ngakhale imodzi.

Pamenepa mpamene pali langizo lachiwiri, ndipo likudabwitsa poti likuchokera kwa munthu wolasidwa: usamude. Mayi amene uja waika mdzukulu amene sanamuone nkhope. Chisoni chimafuna munthu woti chimugwire pakhosi, ndipo ine ndinadzipereka ndekha, bokosi lakuda lili m'manja. Ndakwiya, sindikubisa, usiku wa dzulo ndinamutukwana mumtima mpaka ndinadziopa ndekha. Koma tsiku lina udzabwera kuno, ndipo ukadzakumana naye panjira udzagwade, uwombe m'manja, umupatse moni wa mayi. Zimene ananena ndi za pakati pa ine ndi iye.

Langizo lachitatu: usabwereke mtundu wa eni ake. Nkhani iyi sindinakuuzepo chifukwa cha manyazi, koma lero manyazi andithera. Nditangofika kuno ku Honde kuchokera ku Chipinge, tili pamzere wa sikelo kuyezetsa tiyi, amayi a pamzerepo anandifunsa mutupo wanga, nyama ya mtundu wathu imene sitiidya. Ukudziwa kuti kuno munthu wopanda mutupo amamuona ngati wagwa kuchokera mumtengo. Ndinachita mantha kunena kuti ndine Nabanda, mwana wa munthu wochokera ku Malawi, ndiye ndinatola umene ndinamva mayi wina akutchula m'mawa womwewo. Ndinati, "Mbeva," ndiye kuti mbewa. Eee, chisangalalo chake! Anthu a mutupo umenewo anandikumbatira, uyu akuti ndine azakhali ake, uyo akuti ndine mng'ono wake. Ndinadya nawo bwino miyezi ingapo. Chilimwe chitafika, bambo ako ndi anzawo a kwathu anapita kokumba mbewa, anabwera nazo zonona, ine n'kuwamba bwinobwino, kamchere ndi katsabola. "Abale" anga aja anabwera kudzacheza n'kundipeza kamchira kali pakamwa. Munthu kudya mutupo wake! Amati wotero mano amagweluka onse. Chaka chathunthu aliyense wolankhula nane ankandiyang'ana m'kamwa.

Ukudziwa amene anandipulumutsa? Mai Farai yemweyo. Anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kuuza anthu kuti, "Musiyeni uyu, mutupo wake ndi njala." Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kunena dzina langa lenileni, ndipo ndinkayesa kuti nkhani ya mtundu inathera pomwepo. Dzulo ndaphunzira kuti inangogona. Komabe ndikukuuza, kumene uliko akakufunsa, nena zoona tsiku loyamba lomwelo: ndiwe wa ku Zimbabwe, wa ku Honde, mwana wa othyola tiyi, agogo ako anachokera ku Malawi wapansi. Usadzikongoletse kuti ndiwe wa ku Harare, usasinthe dzina kuti lilime lawo lipume, aphunzire kunena Tiyamike. Anthu akafuna kukutembenukira amatembenuka basi, kaya wabisa kaya sunabise. Kusiyana kwake n'kwakuti dzulo pamsewu paja ndinalibe bodza loti andigwire nalo, ndipo ndinatha kumuyang'ana m'maso.

Langizo lachinayi likukhudza bambo ako, ndipo ukuidziwa nkhani yake, koma unali wamng'ono. Atayamba kudwala anawatenga magazi pakiliniki n'kuwatumiza kutauni. Anatiuza kuti tidikire. Ine ndinadikira. Sindinafunse kuti akuyeza chiyani, sindinafunse ngati tingapite tokha kutauniko, sindinafunse kuti tichite chiyani akafooka yankho lisanabwere. Manamwino sanandiletse kufunsa, ndinadziletsa ndekha. Kuesiteti tinaphunzira kuti wovala yunifolomu akalankhula umati "inde" n'kubwerera pamzere. Pepala linafika anthu atabalalika kale pamaliro. Safunsa anadya phula, ndipo ine phula limenelo ndikutafunabe. Ndiye iwe kumeneko, kaya mphunzitsi wake ndi wa imvi bwanji, kaya Chingerezi chake chikuthamanga bwanji, ukapanda kumva kweza dzanja. Akaseka aseke. Ukadwala upite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo uwafunse mpaka atope nawe.

Lachiwiri lija, dontho lofiira litafika m'kachipinda ka kumapeto, iwe unkaseka, ine ndinatuluka kuti ndikukatenga tsache losesera kapu yosweka. Ndinakalira kuseri kwa nyumba. Ndinaona bambo ako atakhala pabenchi ya kukiliniki, chala chili m'mwamba, akulandira yankho lawo pomwepo. N'chifukwa chake ndikubwerezanso: ntchito imeneyo uimalize. Kaya idzafika kuno ine ndili moyo kaya ayi, uimalize.

Tsopano umve za lero, chifukwa nkhani sinathere kumsewu. M'mawa uno utangokwera kombi ya ku Ruda, Mai Mufundisi anabwera, anaima pabwalo, m'nyumba anakana kulowa. Anati mabanja angapo agwirizana zoitana mporofita wina wa kuseri kwa mapiri, wa aja amayenda m'midzi kufukula zinthu m'nyumba za anthu, ndipo afika Lachitatu. Abusa sakugwirizana nazo, koma alibe mphamvu yowaletsa. Anandilangiza ngati mnzanga, ndipo ndikukhulupirira kuti ankandifunira zabwino. Anati, "Mai Tiya, perekani kanthuko akakatenthe pamaso pa anthu, mugwade, mupepese, nkhani ithe. Ndi kapulasitiki chabe, mutayapo chiyani? Kumbukirani kuti munda uno munapatsidwa ndi pakamwa."

Zoona, tinapatsidwa ndi pakamwa, ndipo pakamwa pomwepo pangatilande. Ndinaganiza, Tiya, sindikunamiza kuti ndinalimba mtima nthawi yomweyo. Ndinayang'ana nthochi zimene bambo ako anabzala, ndinayang'ana kumanda kwawo. Kenaka ndinafunsa kuti, "Ndikagwada ndipepese kuti ndinalakwa chiyani?" Nanga si tonse tikudziwa? Ndikapereka kanthuko kumoto ndiye kuti ndavomera kuti mayeso onse unakhoza aja, usiku wonse unkawerenga ndi kandulo uja, zonse zinagulidwa ndi magazi a mdzukulu wa Mai Farai. Bodza limenelo lidzakutsata mpaka kwa ana ako. Ndinawauza kuti, "Mai, zikomo, koma mwana wanga sindimutentha." Anapita akupukusa mutu.

Chimene ndichite ndi ichi. Mawa basi yako ikangokhota pamlatho, ndibwerera kunyumba, nditulutsa kakhadi kako m'bokosi, n'kukaika pawindo la kumsewu, katani yotsegula. Chikwambo chimabisidwa, ichi chikhala poyera, wodutsa aliyense azichiona. Ndikudziwa unati dzuwa limakawononga. Kawonongeke, koma kawonongekere pamaso pa anthu, aone okha kuti kapulasitiki kakatopa kamangogona. Ndikatero ndivala, ndipita kutchalitchi, ndikakhala pamalo panga pa masiku onse, ngakhale benchi yonse isamuke. Mporofitayo akabwera Lachitatu adzandipeza pakhonde, ndipo sadzavutika kukumba pansi pa bedi. Mantha ndili nawo. Koma ndaganiza ndipo ndatsimikiza.

Tsopano mvera bwino, chifukwa ndikukuona kale ukutola foni. Usalembe kanthu pagulu la pafoni la anthu a kumudzi kuno. Ndikudziwa mmene ungalembere, Chingerezi chachitali, kuwatchula mbuli, kuwaopseza ndi apolisi. Iwe ukatero uzimitsa foni n'kukagona m'nyumba yofunda, ine m'mawa ndikatunga nawo madzi pampopi umodzi. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uupeza. Usaimbire Farai, usaimbire abusa. Ukafuna kukalipa undikalipire ine, ndine ndinatsegula bokosi. Ndipo ukaimba, nambala yanga ikapanda kuyankha tsiku limodzi, usayambe kuganiza za maliro, ukudziwa netiweki ya m'chigwa muno.

Zina ndi zazing'ono koma uzisunge. Udye chakudya chophika, osati mabisiketi pamwamba pa mabuku monga unkachitira ku yunivesite. Upeze tchalitchi, ngakhale aziimba ngati ali ndi chimfine. Ufa ndi tiyi zimene ndaika m'chikwama, akakulanda pabwalo la ndege usakangane nawo, uwasiyire. Za amuna sindinena zambiri, wakula, koma amene angakuuze kuti usiye sukulu chifukwa cha iye umuonetse khomo. Mankhwala a kuntchito kwanuko usamawagwire ndi manja chabe, ndinaona chala chako chija chasanduka chachikasu, usandinamize kuti ndi kari. Ndipo ukamva kuti kuno zavuta, kaya munda, kaya chiyani, usakwere ndege. Ndikulankhula ndili wamoyo ndi nzeru zanga zonse: usakwere. Ukabwera pakati pa sukulu, ndiye kuti andiwotchera mwana popanda kuyatsa machesi.

Chomaliza ndi chimene chikundivuta kulemba, cholembera ndachiika pansi kawiri. Unandilonjeza kuti ukangokhazikika, chinthu choyamba ndi denga, malata atsopano nyumba yonse, kenaka sola, kenaka thanki ya madzi. Ndinavina tsiku limenelo, ukukumbuka. Tsopano ndikukuuza kuti usatumize. Usatumize malata, usatumize sola, usatumize katundu pabasi woti kondakitala azikuwa dzina langa pasiteji, ngakhale nsapato. Kuyambira mawa maso onse a mudzi uno akhala padenga langa. Lata limodzi lonyezimira likangokwera pamenepo, adzati chikwambo chayamba kubweza, ndipo mayi aliyense amene mwana wake adzatenthe thupi mvula ikubwerayi adzayang'ana kuno. Chokhacho chimene chingandiyeretse pamaso pawo ndi kundiona ndili mmene ndinalili, nsapato zomwezi, beseni lomweli la nthochi, mpaka iwe utamaliza.

Mabeseni otchingira madzi ndili nawo, ndipo bedi ndikudziwa kolisunthira mvula ikachokera kumapiri. Zaka zonse zimene ndinasenza dengu la tiyi ndinkadzilimbitsa mtima kuti mwanayu adzandifolerera nyumba. Lero ndi dzanja langa lomwe ndikukupempha, mwana wanga: isiye idonthe.

Ndine mayi ako,
Nabanda